Kodi Mumadziwa? Akatswiri Oyamba a NFL Anachita Kuvoteredwa mu Hotela

Kodi mumadziwa kuti ligi imene imakolola ndalama zambiri padziko lonse si ya ku England, si ya ku Spain? Ndi NFL ya ku America, ya mpira wosongoka mbali zonse ziwiri uja amalimbirana atavala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa. Mu 2023 timu imodzi yokha ya m'ligiyi, Washington Commanders, inagulidwa ndi madola 6.05 biliyoni.

Tsono khalani bwino pampandopo. Ligi yomweyi pamene inkayamba mu 1920, timu yofuna kulowa inkayenera kupereka madola 100 okha. Mbiri imati matimu amene anaperekadi ndalamayo analipo 0.

Nanga akatswiri oyamba anali ndani? Musataye nthawi kuwafunafuna mumzinda wa New York kapena ku Los Angeles, chifukwa mizinda imeneyi inalibe n'komwe timu m'ligiyi chaka chimenecho. Anali Akron Pros a m'chigawo cha Ohio, amene pa masewero 11 anapambana 8, nalepherana ndi anzawo pa 3, osagonjako ngakhale kamodzi.

Kwa amene mpirawu ndi wachilendo, nachi chidule chake. Mbali iliyonse imalowetsa anthu 11, ndipo timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata 4 kuti iusunthe mayadi 10 kupita kutsogolo, pothamanga nawo kapena poponyerana, uku adani akulimbana n'kugwetsa amene waunyamula. Mukaufikitsa kumapeto kwa bwalo ndiye kuti mwachinya touchdown, mapointi 6, ndipo mukaumenya bwino pakati pa mapolo pambuyo pake amakuwonjezerani 1.

Ndiye mverani izi. Chaka chonsecho Akron inachinya mapointi 151, pamene matimu onse amene inakumana nawo, kuwaphatikiza pamodzi, anapeza 7. Mwawerengera kale? N'chigoli chimodzi chokha basi pa masewero 11.

Ligiyi sinabadwire m'nyumba yamisonkhano ayi. Lachisanu pa 17 Seputembala 1920, eni matimu anakumana ku Canton, m'sitolo yogulitsira magalimoto a Hupmobile ya mkulu wina dzina lake Ralph Hay, amenenso anali mwini wa timu ya Canton Bulldogs. Ndati mkulu, koma anali ndi zaka 29 zokha.

Ofesi ya Hay inachepa, mipando inaperewera, choncho alendo ena anakhala pa zitsulo zopondera pokwera galimoto. Amati mowa unkayenda m'ndowa usiku umenewo. Musaiwale kuti dziko la America linali litaletsa kugulitsa mowa miyezi 8 m'mbuyomo!

Chinawasonkhanitsa n'chiyani? Umphawi. Osewera ankangodumphadumpha, Lamlungu lino ali uku, Lamlungu lamawa ali kwa amene wawonjezera ndalama, ndipo ana a sukulu za ukachenjede ankabwera kudzasewera mozemba ndi mayina abodza. Eni matimu anagwirizana zoleka kuberana osewera, ndipo muona posachedwa kuti panganolo silinathe ngakhale miyezi 3.

Dzina loti NFL panalibe. Bungweli linkatchedwa American Professional Football Association, ndipo dzina lomwe tikulidziwa leroli linabwera mu 1922. Pa matimu 14 amene anasewera chaka choyambacho, amene akadalipo mpaka lero ndi 2: Arizona Cardinals ndi Chicago Bears.

Pulezidenti woyamba wa ligi? Jim Thorpe, munthu wa fuko la Sac and Fox, eni nthaka enieni a ku America, amene anawina mendulo 2 zagolide pa Olimpiki ya 1912 ku Stockholm. Anamusankha kuti dzina lake likope manyuzipepala, koma iye anapitiriza kusewerera Canton, ndiye kuti bwana wa ligi yonse ankapezeka m'matope akugwetsana ndi anthu ake omwe.

Za mendulo zakezo nazo n'zomvetsa chisoni. Anamulanda mu 1913 zitadziwika kuti analandirapo kandalama posewera baseball, zomwe malamulo a Olimpiki ankaletsa. Anagamula zomubwezera ulemu wake mu 1982, iye atagona m'manda zaka 29.

Gwirani dzina ili, mudzalifuna kutsogoloku: Art Ranney. Pamsonkhano wa ku Canton uja anamusankha kukhala mlembi komanso msungichuma wa ligi. Analinso mmodzi mwa eni ake 2 a Akron Pros.

Mnzakeyo anali Frank Nied, mwini sitolo ya fodya mumzindamo. Awiriwa anatenga timu imene chaka chapitacho inkatchedwa Akron Indians, yongodya ndalama za eni ake. Mu 1919 inapambana masewero 5 n'kugonjanso 5.

Akron weniweniyo anali mzinda wa matayala. Goodyear, Firestone ndi Goodrich onse anali ndi mafakitale awo kumeneko, ndipo magalimoto atachuluka m'misewu anthu anakhamukirako kukafuna ntchito. Mu 1910 munali anthu 69,000, pofika 1920 anali atapitirira 208,000.

Kodi mumadziwa kuti ligiyi inalibe ndondomeko ya masewero? Timu iliyonse inkadzipezera yokha wosewera naye, kaya wa m'ligi kaya wongotola m'misewu, ndipo zonse zinkawerengedwa. Decatur Staleys inasewera masewero 13, pamene Muncie Flyers inasewera amodzi okha, inathibulidwa 45-0, m'buku la ligi chaka chake n'kuthera pomwepo.

Nayonso Akron inayambira pa nyama yofewa. Pa 3 Okutobala inaitana Wheeling Stogies, timu yosakhala ya m'ligi, n'kuisambitsa chokweza 43-0. Al Nesser wa Akron, munthu amene ntchito yake sinali yochinya, anatuluka m'bwalo ndi ma touchdown 3.

Banja la a Nesser limeneli ndi nkhani payokha. Anali anyamata ogwira ntchito yachitsulo ku kampani ya njanji ku Columbus, ndipo timu yawo, Columbus Panhandles, inkaphunzira mpira pa nthawi ya nkhomaliro. Panali nyengo ina imene timuyo inkalowetsa ana a bambo mmodzi 6!

Popeza ogwira ntchito kunjanji ankakwera sitima ulere, a Panhandles ankakonda kusewera koyenda, osalipira bwalo, osalipira thiransipoti. Pa 10 Okutobala anafika ku Akron motsogozedwa ndi Ted Nesser, mkulu wake wa Al. Chibale chinatsala pageti: 37-0.

Ted yemweyo chaka chotsatira anasewera m'timu imodzi ndi mwana wake Charlie. Bambo ndi mwana m'bwalo limodzi, yunifolomu imodzi. Papita zaka zoposa 100 tsopano, ndipo m'ligi ya NFL sizinachitikenso.

Cincinnati Celts inagwa 13-0. Cleveland Tigers inalimbako, koma Bob Nash wa Akron anatsomphola mpira pomwe Stan Cofall ankati aumenye, n'kuthamanga nawo mpaka kukachinya. Cofall ameneyu anali wachiwiri kwa pulezidenti wa ligi, ndipo analawa 7-0.

Wachiwiri atalawa, inakwana nthawi ya pulezidenti mwini wake. Pa 31 Okutobala Akron inapita ku Canton, kwawo kwa timu imene aliyense ankaiopa, ndipo Charlie Copley anamenya mpira pakati pa mapolo, Pike Johnson n'kuwakha wina umene adani ankaponyerana n'kukachinya. Anthu pafupifupi 10,000 anaona ndi maso awo Bulldogs ya Jim Thorpe ikugwa 10-0.

Nanga chigoli chimodzi chija anachinya ndani? Pa 14 Novembala ku Cleveland, Mark Devlin anaponya mpira wautali, Tuffy Conn n'kuuwakha, masewero n'kuthera 7-7. Chosangalatsa n'chakuti chaka chisanathe Conn yemweyo anapezeka atavala yunifolomu ya Akron, moti munthu yekhayo amene anaichinya touchdown anakhalanso mmodzi mwa akatswiri ake.

Osewera a masiku ano amadandaula akapuma masiku 4 okha. A Akron anasewera Lamlungu pa 21 Novembala, Lachinayi pa 25, tsiku la chikondwerero cha Thanksgiving, kenakonso Lamlungu pa 28. Masewero 3 m'masiku 8, zigoli zonse pamodzi 34-0.

Awiri mwa masewero amenewo anali olimbana ndi Dayton Triangles, timu yosati yamasewera. Chaka chonse inagonja kawiri kokha. Kawiri konseko kwa Akron, 13-0 ndi 14-0.

Tikadali ku Dayton, nayi ina ya kwathu. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzindawu pali sukulu ya Wilberforce, kumene Hastings Kamuzu Banda anakaphunzira atafika ku America mu 1925. Pamene ankamaliza kumeneko mu 1928, Triangles inali ikadali m'ligi, ndipo inakhalamo mpaka 1929.

Mwina mukudabwa kuti maziro onsewa ankachokera kuti. Mpira wa nthawiyo unali wonenepa kuposa wa lero, wovuta kuugwira ndi dzanja limodzi, ndipo malamulo ankaumira kuponya. Woponya ankayenera kuima mayadi 5 kumbuyo kwa mzere woyambira, lamulo limene linachotsedwa mu 1933.

Ukaponyera mnzako kumalo ochinyira iye n'kulephera kuwakha, mpira unkapita kwa adani nthawi yomweyo. Ndani angaike moyo pachiswe chotero? Matimu ankangogundana pakati pa bwalo, n'kumenyera mpira kutali, kudikira kuti wina alakwitse, ndipo n'chifukwa chake pa masewero 3 amene Akron inalepherana ndi anzake, 2 anathera 0-0.

Kuponyako kunaloledwa chifukwa cha maliro. Mu 1905 mpirawu unapha anthu osachepera 18, ambiri mwa iwo ana asukulu, mpaka Pulezidenti Theodore Roosevelt anaitanitsa akuluakulu a mpira a ku Harvard, Yale ndi Princeton ku White House. Malamulo atsopano anatuluka mu 1906.

Zipewa zolimba zija? Mu 1920 zinali zachikopa, zofewa moti ukanatha kuzipinda n'kuika m'thumba, ndipo wosafuna ankasewera mutu uli pamtunda. NFL inalamula kuti aliyense azivala chipewa mu 1943, patapita zaka 23.

Lero timu imakhala ndi osewera 53, ena okankha, ena otchinga, ena ntchito yawo n'kumenya mpira basi. Kalelo munthu yemweyo ankakankha, n'kutchinga, n'kumenyanso, nthawi zambiri osatuluka m'bwalo kwa mphindi zonse 60. Kochi naye sankaloledwa kukuwira malangizo ali kunja kwa bwalo mpaka 1944.

Tsopano tifike pa munthu amene ine ndimati ndiye mwini nkhaniyi. Kodi mumadziwa kuti katswiri wamkulu wa timu yoyamba kutenga chikho cha NFL anali munthu wakuda? Dzina lake Fritz Pollard, ndipo m'ligi yonse ya matimu 14 akuda analimo 2.

Winayo anali Bobby Marshall wa Rock Island Independents. Anzake a msinkhu wake anali atapachika kale nsapato. Iye analowa m'ligi ali ndi zaka 40.

Pollard anabadwira ku Chicago mu 1894, mwana wa bambo wometa anthu, ndipo dzina lake lonse linali Frederick Douglass Pollard, potengera mkulu uja anathawa ukapolo n'kukhala womenyera ufulu. Sanali chimphona: kutalika masentimita 175, kulemera makilogalamu 75. Amuna otchinga kutsogolo m'ligi ya lero amapitirira makilogalamu 140.

Mbiri anaipanga ali pa yunivesite ya Brown. Pa 1 Januwale 1916 anakhala wakuda woyamba kusewera m'masewero otchuka a Rose Bowl ku California. Chaka chomwecho anatsogolera Brown kugwetsa zimphona ziwiri motsatizana, Yale 21-6 ndi Harvard 21-0.

Ku Akron ankamufuna m'bwalo, koma kunja kwa bwalo ayi. Malo odyera ndi mahotela ambiri ankamukana, ndipo ena mwa omunyoza anali ochemerera timu yake yomwe. Yunifolomu ankavalira kusitolo ya fodya ya Nied ija, n'kumubweretsa pagalimoto masewero atatsala pang'ono kuyamba.

Adani akamugwetsa ankafuna kumuunjikira kuti amuthyole. Iye anapeza mankhwala ake: akangogwa ankagubuduka n'kugona chagada, miyendo m'mwamba, misomali ya nsapato itayang'ana kumwamba. Wofuna kumudumphira ankayamba waganiza kawiri.

Ndipo ankawayankha ndi zigoli. Touchdown ya Akron pa 7-7 ya ku Cleveland inali yake. Pa 14-0 ya ku Dayton, ma touchdown onse 2 anali akenso.

Mpira sunali ntchito yake yokhayo. Kuyambira 1918 mpaka 1920 analinso kochi wa timu ya Lincoln University ku Pennsylvania, sukulu ya akuda, moti ankakhalira kukwera sitima pakati pa ntchito ziwirizi. Lincoln yomweyo ndi imene inadzaphunzitsa atsogoleri oyamba a mayiko 2 a mu Africa, Nnamdi Azikiwe wa ku Nigeria ndi Kwame Nkrumah wa ku Ghana.

Disembala atalowa, matimu olimbirana ukatswiri anatsala 3: Akron, Buffalo All-Americans ndi Decatur Staleys. Akron inayenera kukumana ndi onse awiri, konseko koyenda. Sinkafunika kupambana, inkangofunika kusagonja pa masewero awiriwo.

Taonani zimene Buffalo inadzichita. Loweruka pa 4 Disembala inasewera ndi Canton mumzinda wa New York pamaso pa anthu pafupifupi 20,000, n'kupambana 7-3, kenako anyamata anakwera sitima usiku kubwerera kwawo. M'mawa mwake, m'nyengo yoipa, analowanso m'bwalo ndi Akron, ndipo zinathera 0-0.

Tsiku lomwelo kunachitika malonda oyamba a wosewera m'mbiri ya ligiyi. Akron inagulitsa Bob Nash, yemwe uja anatsomphola mpira kwa Cofall n'kuchinyanso chigoli chogwetsera Canton pa Thanksgiving, ku Buffalo komweko. Mtengo wake: 5 peresenti ya ndalama zapageti ndi madola 300, madola osakwana n'komwe kugula Ford Model T yatsopano chaka chimenecho.

Kunatsala Decatur Staleys, timu ya kampani yopanga sitachi kuchokera ku chimanga. Inkatchedwa ndi dzina la mwini kampani, A. E. Staley, monga muja Bullets yathu inkatchedwira Bata Bullets. Osewera onse anali pantchito pafakitalepo, ndipo ankaloledwa kuchoka kukaphunzira mpira maola 2 patsiku, malipiro osadulidwa.

Woyendetsa timuyi anali George Halas, kochi, wosewera komanso wosaka osewera, zonse munthu mmodzi wa zaka 25. Chaka chapitacho anali atayesako baseball ku New York Yankees, komwe anangosewera masewero 12. Kumpira kuno anadzakhala kochi wa timu yomweyi, imene inasanduka Chicago Bears, kwa zaka 40.

Halas ankadziwa kumene kuli ndalama. Masewero a pa 12 Disembala anawachotsa ku Decatur n'kuwapititsa ku Cubs Park ku Chicago, bwalo limene lero limatchedwa Wrigley Field. Kunabwera anthu 12,000.

Mukukumbuka pangano lija loleka kuberana osewera? Halas, amene analipo pamsonkhano wa ku Canton, anabwereka Paddy Driscoll, katswiri wa timu ya Cardinals, kuti adzamuthandize tsiku limodzi lokhalo. Sizinaphule kanthu: 0-0.

Ndiye Akron inanyamula chikho tsiku lomwelo? Ayi ndithu. Kunalibe fainolo, kunalibe tebulo la ligi lovomerezeka, ndipo mgwirizano unali woti katswiri adzasankhidwa ndi voti ya eni matimu. Votiyo inachitika pa 30 Epulo 1921, patapita masiku 139.

Inachitikira kuti? Ku Portage Hotel, mumzinda wa Akron. Pulezidenti Thorpe sanabwere, wachiwiri wake Cofall sanabwere, choncho wapampando anakhala mlembi uja ndinati mugwire dzina lake, Art Ranney, mwini wa timu imene inkavoteredwayo.

Kunena chilungamo, ngakhale mpando ukanakhala wa wina, Akron inali ndi mfundo. Nthawi imeneyo masewero olepherana sankawerengedwa n'komwe, ankangoyang'ana opambana ndi ogonja. Buffalo ndi Decatur aliyense anagonjapo kamodzi, pamene Akron inali pa 100 peresenti.

Koma anzawowo sanakhutire. Decatur inkati ife tapambana 10, Buffalo inkati ife 9, nanga wa 8 atiposa bwanji pomwe sanatigonjetse? Lamulo loti kulepherana kuziwerengedwa ngati theka la kupambana linadzabwera mu 1972, patadutsa zaka 52.

Tiyeni tiwerengere ndi lamulo latsopanolo, muone zodabwitsa. Akron: 8 kuphatikiza matheka 3 ndi 9.5 pa masewero 11. Buffalo: 9 kuphatikiza theka limodzi ndi 9.5 pa masewero 11. Ndendende, ndipo pamene awiriwa anakumana zinali 0-0!

Anthu a ku Buffalo tsoka limawakonda. Mu 1921 ukatswiri unawapulumukanso pa mkangano wina, ulendo uno n'kupita kwa Halas. Timu yawo ya masiku ano, Buffalo Bills, inafika mu Super Bowl, fainolo ya NFL, kanayi motsatizana kuyambira 1991 mpaka 1994, n'kugonja maulendo onse 4.

Chikho chinalipo, chasiliva, chopereka kampani ya Brunswick-Balke-Collender imene inkadziwika ndi matebulo a pool. Lamulo linali loti chiziyenda chaka ndi chaka, ndipo timu yochitenga katatu idzachisunge mpaka kalekale. Chinaperekedwa kamodzi kokha.

Chinapita kuti? Chinangoti zii. Akatswiri a 1921 sanachilandire, a 1922 sanachione, ndipo mpaka lero, patatha zaka zoposa 100, ligi ya mabiliyoni ija sinapeze chikho chake choyamba.

Osewera analandira kampira kagolide kokoleka pa tcheni cha wotchi yam'thumba, kolembedwa kuti ndi akatswiri a dziko lonse lapansi. Dziko lonse lapansi? Matimu onse a m'ligiyo anali m'zigawo 5 zokha mwa zigawo 48 zimene America inali nazo.

Chikho kusowa n'zina, koma ligi inaiwalanso amene anachitenga. Kwa zaka zambiri mabuku a NFL ankalemba kuti ukatswiri wa 1920 sunagamulidwe. Zolemba za msonkhano wa ku Portage Hotel zinadzafukulidwa m'zaka za m'ma 1970, patatha theka la zaka 100.

Mu 1921 Pollard anakokera ku Akron mnzake wina wamtali, wa mawu okhuthala, amene mkati mwa sabata ankaphunzira zamalamulo ku Columbia University. Anali Paul Robeson, amene anadzatchuka padziko lonse poimba, pochita mafilimu ndi pomenyera ufulu wa akuda. Mufilimu yake ya mu 1935, Sanders of the River, mmodzi mwa anthu ongodzaza chithunzi anali wophunzira wa ku Kenya dzina lake Jomo Kenyatta.

Timuyo sinakhalitse pamwamba. Mu 1921 inathera pa nambala 3, kenako inayamba kutsetsereka, ochemerera n'kumachepa. Mu 1926 inabwerera ku dzina lakale la Indians, inapambana masewero amodzi okha, ndipo chaka chotsatira inafa ili ndi zaka 7 m'ligi.

Kuchokera pamenepo Akron sinakhalenso ndi timu ya NFL. Koma mzindawu sunaleke kubala akatswiri, wangosintha mpira. LeBron James anabadwira komweko mu 1984, Stephen Curry mu 1988, ndipo awiriwa anakumana m'mafainolo a basketball a NBA zaka 4 zotsatizana.

Nanga Pollard? Mu 1921 anakhala kochi wa Akron mothandizana ndi Elgie Tobin, wakuda woyamba kupatsidwa udindo wotero m'ligiyi. Wachiwiri anali Art Shell wa Raiders mu 1989. Chotserani nokha: zaka 68.

Pakatipo zinthu zinabwerera m'mbuyo. Popanda lamulo lililonse lolembedwa, eni matimu anangoleka kulemba akuda, ndipo kuyambira 1934 mpaka 1945 m'ligi yonse munalibe ngakhale mmodzi. Chitseko chinatsegukanso mu 1946 ndi Kenny Washington ndi Woody Strode a Los Angeles Rams, patatha zaka 12.

Pollard sanakhale pansi n'kumalira. Anayambitsa timu ya akuda okhaokha ku Harlem, Brown Bombers, anayendetsa nyuzipepala yakeyake ku New York, anachitanso bizinesi yopezera ntchito oimba ndi ochita zisudzo. Mwana wake, Fritz Pollard Jr., anapita ku Olimpiki ya ku Berlin mu 1936, ya Hitler ija, n'kubwerako ndi mendulo ya bulonzi pa mpikisano wodumpha zotchinga wa mamita 110.

Nyumba yolemekezera akatswiri a mpirawu, Pro Football Hall of Fame, inatsegulidwa mu 1963 ku Canton, mtunda wosakwana ola limodzi pagalimoto kuchokera ku Akron. Pollard anadikira kuitanidwa mpaka anamwalira mu 1986 ali ndi zaka 92, ndipo dzina lake linalowamo mu 2005. Pa timu yonse ija ya mapointi 151 kwa 7, amene ali m'nyumbamo ndi 1, yemwe uja ankavalira kusitolo ya fodya.